Chigawo cha Matenanti Pakhoma la Sikelo

"Kodi pentiyo ndiye tidzadye chaka chino?" anafunsa Tsoka ataima pakhomo, makeni awiri othirira ali m'manja, buluku litanyowa mpaka m'mawondo. "Nazale ndathirira ndekha m'mawa, madzulo ano ndathiriranso ndekha. Anzanga onse kudambo ali ndi akazi awo. Ine wanga ali kukhoma la eni ake, akujambula."

Lefina anali khale pachiguduli, khanda lili kubere, akukolokosa penti wobiriwira m'zikhadabo ndi kachitsotso. Sanadzutse mutu.

"Ndinakuuzani dzulo, bambo a Yankho, kuti Lachitatu ndi tsiku lathu ife matenanti. Lolemba amapita a kwaya, Lachiwiri anyamata a mpira. Ndikanajomba ine, amayi anzangawo akanawatsogolera ndani?"

"Tenanti wasanduka nduna tsopano." Tsoka anatula makeni aja mwamphamvu mpaka nkhuku imene inali pakhonde inathawa. "Tamvera, make Yankho. Kwa eni kulibe mkuwe. Ife pano ndife mame, dzuwa likatuluka takamuka. Tsiku limene bwana adzati nyamukani, palibe adzakumbuke kuti khoma lija unapaka ndiwe. Sikeloyo ndi ya anthu a ku Kamtenje. Iwo ali ndi minda pano, ali ndi manda pano. Ife tili ndi chiyani? Ngakhale udzu wa padenga lino ndi wa a Jeremiya."

"Nanga mwana uyu ndimakamuyezetsa kuti? Kwathu ku Phalombe? Tikakhala pamzere pansi pa mtengo wa muwanga paja, dzuwa limasankha kuti uyu ndi wa tenanti, uyu ndi wa m'mudzi? Mutu umodzi susenza denga. Njerwa tinaumba nawo, mchenga tinatuta nawo. Lero pafika pokongoletsa ndiye tidzipatule?"

"Mwaulere."

"Inde, mwaulere. Onse akugwira mwaulere, ngakhale wojambulayo. Komanso a Ezelina, apampando a komiti aja, ananena pagulu kuti aliyense wogwira nawo ntchitoyi ndi munthu wa m'mudzi muno, ndipo ikafika nthawi ya makuponi a feteleza nafe atiganizira. Kamunda kamene anandibwereka kuseri kwa tchalitchi kaja, titapeza thumba limodzi la feteleza tingadye chimanga chathuchathu, osati kumangoyang'ana kunjira kudikira ndowa ya chimanga ya bwana."

Tsoka anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Kuponi ya tenanti unaionapo kuti iwe?"

Pamenepo anatulukira Yankho, mwana wawo woyamba, atasenza kamtolo ka mapesi. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri koma akadali Sitandade 3, chifukwa chaka chilichonse fodya akayamba kupsa sukulu inkaima kaye. Anatula mapesi aja n'kuthamangira kwa bambo ake.

"Ababa, mwandiona pakhoma? A Mphepo andijambula. Aliyense akungoti ndi Yankho ameneyu, ndi Yankho ameneyu."

"Akujambula iwe? Ukutani?"

"Ndikusoka fodya."

Tsoka anayang'ana mwanayo, kenaka anayang'ana mkazi wake. Anangotola makeni ake n'kukawapachika kuseri kwa nyumba.

Nyumba ya sikelo ya ana inali m'mphepete mwa msewu wafumbi wochokera ku Boma, pamalire a mudzi wa Kamtenje ndi esiteti ya a Jeremiya Nkhoma. Bungwe lina linapereka simenti ndi zitini za penti, n'kunena kuti za denga mudzi udzionere wokha. Choncho makoma anaima, kumwamba kuli pululu. Pamene anthu ankaganiza kumene angapeze malata, kunabwera a Mphepo, bambo wolemba zikwangwani za masitolo ku Boma, amene amayi ake anabadwira ku Kamtenje komweko. Iwo anati khoma loyang'ana kumsewulo lisakhale lopanda kanthu ngati la nyumba ya maliro. Analigawa m'zigawo, gulu lililonse chigawo chake. Iwo ankangolemba mizere ndi khala, ndipo eni chigawo ankadzaza mitundu ndi manja awo.

A kwaya anasankha tchalitchi ndi belu lake. Anyamata anasankha mpira. A kalabu ya alimi anafuna nkhokwe yodzadza, matumba a feteleza ali pambali. Itafika nthawi ya matenanti, amayi a ku esiteti anangoyang'ana pansi. Anali asanafunsidwepo kanthu pamsonkhano wa m'mudzi chibwerere.

Ezelina Phiri, wapampando wa komiti ya sikelo, ndiye anamugunda Lefina ndi chigongono. Awiriwa ankaimba limodzi ku chigwirizano cha amayi, ndipo pamene Lefina ankachira khanda lakeli, Ezelina ndi amene anamuperekeza kuchipatala n'kumudikirira.

"Yankhula, mnzanga," anatero Ezelina. "Khomali ndi lakonso. Ukhala chete mpaka liti?"

Lefina anaimirira. "Ife mutijambule zimene timachita. Chigafa choyanikamo fodya, mayi atasenza fodya, mwana ali kumbuyo. Ndiponso mtsikana akusoka masamba, anzake a yunifolomu akudutsa chapatali kupita kusukulu."

Feliya, tenanti mnzake wa ku Dedza, anamukoka chitenje. "Zoterozo si zoika pamsewu, asisi."

A Mphepo anakanda ndevu ndi khala lawo lija. "Amayi, ndijambule zokongola kapena zoona?"

"Zokongola zakwana kale uko," anayankha Lefina akuloza chigawo cha nkhokwe. Anthu anaseka, ndipo Ezelina ndiye anayambitsa kuwomba m'manja.

Kuyambira pamenepo Lachitatu linasanduka tsiku lina kwa Lefina. Iye amene sanagwirepo cholembera bwinobwino anaphunzira kugwira bulashi, kusakaniza wachikasu ndi wabuluu kuti atuluke wobiriwira wa fodya wanthete, kuthira kofiira pang'ono kuti atuluke wofiirira wa fodya wouma. Amayi a m'mudzi ankabwera ndi thobwa, onse n'kumwera chikho chimodzi. Agogo ena amene kale ankangomutcha "mayi wa ku esiteti" anayamba kumutchula dzina. Oyenda panjinga ankatsika n'kuima, kuloza: uyu ndi uje, uyu ndi uje. Koma ambiri ankaima nthawi yaitali pa chigawo cha matenanti. A Mphepo anaigwira nkhope ya Yankho monga ilili, kakamwa kotseka, maso osayang'ana singano ili m'manjamo koma kumsewu kumene kunkadutsa anzake.

Lachitatu lotsatira mkangano wa Tsoka ndi Lefina uja, galimoto ya a Jeremiya inaima pakhomapo. A Jeremiya sanali munthu wokalipa. Anali mkulu wa mpingo, woyankhula motsitsa, wopereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa mwana. Anatsika, anapatsa moni aliyense, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kuchokera ku chigawo cha kwaya, manja ali kumbuyo. Atafika pa chigafa anaima.

"Mwana uyu ndamudziwa," anatero. "Si wa Tsoka ameneyu?"

"Ndi yemweyo, bwana," anayankha Lefina atanyonyomala, bulashi ili m'manja.

"Mwapaka bwino. Luso lilipo." Anapukusa mutu ngati akusilira. Kenaka anayang'ana kumwamba kumene kunalibe denga. "Mvula ili pafupi, mayi Phiri. Tabwerani kuno pang'ono, tikambirane."

Anapita kuseri kwa galimoto ndi Ezelina. Zimene anakambirana palibe anamva. Ezelina pobwerako anali akumwetulira, koma thobwa la tsiku limenelo sanamwe nawo.

M'sabata yomweyo galimoto ija inabweranso itanyamula malata atsopano, matabwa ndi misomali. Mudzi wonse unathamangira kumeneko. Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Lefina naye analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo anasenza nawo malatawo, khanda lili kumsana. Madzulo anauza mwamuna wake kuti, "Mwaona? Munkati bwana akwiya. Si uyu watipatsa denga?" Tsoka anangoti, "Ndaona," n'kupitiriza kusema mpini.

Mwambo wotsegulira sikelo unaikidwa Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo kunamveka kuti kubwera alendo ochokera ku Boma ndi a bungwe lija, ndi makamera awo. Lachitatu lomaliza Lefina anali ndi kantchito kamodzi kotsala, kupaka diresi ya Yankho, imene inali idakali mizere ya khala. Tsoka analawirira kusanache, akuti madzi pachitsime cha kudambo akumatha msanga masiku ano. Lefina anasesa, anabereka khanda, n'kuuyamba wa kusikelo dzuwa litangotuluka.

Ali chapatali anaganiza kuti ndi kuwala kwa dzuwa kukumunamiza. Atayandikira anaima. Tchalitchi inalipo. Mpira unalipo. Nkhokwe ndi matumba ake zinalipo. Koma kuyambira pamene panathera nkhokwe mpaka pangodya ya khoma panali mbee, laimu wokhaokha, wina akadali wonyowa, akuyenderera mpaka pansi. Chigafa, mayi wosenza fodya, ana a yunifolomu, Yankho, zonse kunalibe. Lefina anagwira khomalo ndi chikhatho. Chinatuluka choyera.

Sanalire. Anayang'ana pansi ndipo anaona mapazi a nsapato zamatayala, yakumanzere yodyeka chidendene. Nsapato imeneyo ankaitola pakhomo tsiku ndi tsiku akamasesa.

Anamupeza Tsoka kudambo atawerama pachitsime, akudzikhula mikono ndi mchenga. Laimu anali atamutsalira m'zigongono ndi m'tsitsi. Makeni anali pambali, ouma.

"Bambo a Yankho, nazale yake ndi imeneyi mwalawirira?"

Tsoka sanatembenuke msanga. Atatembenuka maso ake anali ofiira.

"Khala pansi, make Yankho."

"Ndiima. Nenani."

"Bwana anandiitana dzana. Akuti kampani imene imawagula fodya ikaona chithunzi chija, basi, mgwirizano watha. Masiku ano mwana akapezeka pafodya ndi mlandu waukulu. Ndiye alendo akubwera ndi makamera, khoma lili pamsewu, esiteti pano ndi imodzi yokha. Ndani sadziwa kuti chigafa chija n'cha yani? Anandiuza kuti, Tsoka, mwana ndi wako, mkazi ndi wako, uchotse ndi dzanja lako. Ukakana, pali mabanja ambiri ofuna malo."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mvula ikubwera, ana awiri, kwathu tilibe ngakhale pobzala therere. Unkafuna ndinene kuti ayi bwana, penti wa mkazi wanga ndi wofunika kuposa chakudya?"

"Ndinkafuna mundiuze. Tagona nyumba imodzi dzana, tagona nyumba imodzi dzulo. Mwandisiya ndikukondwerabe ndi malata ngati chitsiru, inu mukudziwa mtengo wake."

"Ndinayamba ndi chigafa," anatero Tsoka motsitsa, akuyang'ana manja ake. "Kenaka mayi uja. Nkhope ya mwana ndinaisiya pomalizira. Ndinazungulira nyumba ija kawiri. Popaka ndinachita kutsinzina."

Mtima wa Lefina unafuna kufewa, koma anaukaniza.

"Chabwino, pakhoma mwamuchotsa. Nanga m'chigafamo mudzamuchotsa? Fodya akadzayamba kupsa mu Januwale, bwana wanuyo adzati mwana apite kusukulu? Kapena mlandu ndi chithunzi chokha, mwana weniweniyo alibe mlandu?"

Tsoka anatapa mchenga wina n'kupitiriza kudzikhula.

"Laimuyo munamupeza kuti? Zipangizo zonse zimatsekeredwa m'kachipinda ka komiti."

"Kiyi anandipatsa ndi a Ezelina."

Lefina anakhala pamzere wa nazale, pafupi ndi timbande ta fodya timene tinali titayamba kufota.

Ezelina anali pakhomo pake akusefa chimera cha thobwa la alendo. Atamuona Lefina akubwera, anapukuta manja pachitenje n'kuthamangira kukatenga mpando.

"Musavutike ndi mpando," anatero Lefina. "Sindikhalitsa."

"Wayamba kundipatsa ulemu lero? Khala, mnzanga, ndikufotokozere."

"Fotokozani."

Ezelina anausa moyo. "A Jeremiya ananena mosabisa. Malata alipo, koma chigawo chija chichoke. Ndiye ine ndikanatani? Chaka chatha unaona wekha, mvula itatipeza pansi pa muwanga, ana akulira, makadi onse atanyowa, alangizi a zaumoyo atathawira m'galimoto. Mwana wa Lusiya uja anadwala chibayo sabata yomweyo. Lefina, chithunzi sichitchinga mvula. Pansi pa dengalo padzakhalanso mwana wako."

"Zimenezo ndazimva. Koma amene anandigunda ndi chigongono kuti ndiyankhule ndi ndani? Amene anayambitsa kuwomba m'manja ndi ndani?"

"Ndine. Sindikukana. Panthawiyo sindinaganize kuti zifika apa."

"Bwanji osatiitana ife eni chigawo? Tikanakhala pansi. Mwina tikanasintha tokha, ndi manja athu."

"Ukanalola iwe?"

Lefina anaganiza pang'ono. "Kaya. Koma mukanandifunsa."

"Komiti inakumana, inagwirizana."

"Mu komitimo muli tenanti?"

Ezelina anawerama n'kuyamba kutolatola zinyalala m'chimera muja.

"Ndipo pa anthu onse a m'mudzi muno," anapitiriza Lefina, "munasowa wina woti apake laimuyo, mpaka kiyi kumupatsa bambo wa mwana yemweyo?"

"Anasankha ndi a Jeremiya, si ine."

"Nanga za makuponi zija zili pati? Ndamva kuti kulemba mayina kunachitika Loweruka kusukulu."

Ezelina anadzutsa mutu, ndipo nkhope yake inaoneka yotopa. "Chaka chino abwera ochepa kwambiri. Mabanja akuchita kugawana thumba limodzi. Ndinayesa kutchula nkhani yanu, anthu anangoti waa, akuti matenanti feteleza amawapatsa ndi bwana wawo. Ndikanakakamira akanandidya wamoyo. Pepa, mnzanga. Chaka cha mawa tidzayesanso."

"Feteleza wa bwana ndi wa fodya wa bwana. Inu mukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma madzi akatayika sawoleka. Tisachititse manyazi mudzi pamaso pa alendo. Lachisanu ubwere ndi anzako, mudzathandize kuphika kuseriko. Ndiponso pa ndondomeko takuikani kuti mudzaimbe. Mawu ako aja palibe angafanane nawo."

Lefina anamuyang'ana mayi amene anamugwira dzanja tsiku lochira lija, ndipo anaona kuti sakunyoza. Ankanenadi ndi mtima wonse. Chimenecho ndicho chinamupweteka kwambiri.

"Ndidzabwera," anatero.

Yankho anamva nkhaniyi kwa anzake kumjigo. Sanafunse kuti wachita ndani. Madzulo bambo ake atamuitana kuti awapatse madzi osamba, anapititsa madziwo, anawatula, n'kubwerera. Tsoka anasamba nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Lachisanu kunacha ndi mitambo. Malata ankanyezimira padenga. Anakhoma chisakasa cha alendo, anakonza mipando ya kusukulu, ndipo a Jeremiya anakhala kutsogolo pakati pa bwana wa ku Boma ndi mayi wa bungwe lija. Amayi a ku esiteti anali kuseri, kuutsi, akusenda anyezi ndi kutsuka mbale. Lefina popita kukatunga madzi anadutsa kukhoma. Pamalo poyera paja panali patalembedwa zilembo zikuluzikulu zabuluu, zowongoka bwino: DENGA ILI NDI MPHATSO YOCHOKERA KWA BAMBO JEREMIYA NKHOMA. A Mphepo anali chapomwepo akutsuka bulashi. Atamuona anavula chipewa.

"Amayi, ndinakana poyamba," anatero. "Koma ndimalemba zikwangwani za sitolo zawo ku Boma. Nanenso ndili ndi ana."

"Zilembo zake n'zokongola," anatero Lefina, n'kupitirira ndi ndowa yake.

Zoyankhula zinatenga nthawi. Ezelina anathokoza bungwe, anathokoza a Boma, anathokoza a kwaya, anyamata a mpira ndi a kalabu ya alimi, gulu lililonse n'kumaimirira kuti alendo alione, mayi wa bungwe uja akujambula. Atafika pa a Jeremiya anthu anaimirira onse. Kenaka Ezelina anati, "Tsopano amayi a ku esiteti atisangalatse ndi nyimbo."

Anatuluka kuseri kuja akupukuta manja, n'kuima pamzere kutsogolo kwa khoma, Lefina ali pakati, khanda kumsana. Feliya anayamba kuwomba m'manja kudikira kuti Lefina aitsitse nyimbo. Lefina anapita patsogolo pang'ono, ananyonyomala mwaulemu kwa alendo, n'kuimirira.

"Zikomo akuluakulu nonse. Ine dzina langa ndine Lefina, tenanti wa pa esiteti ya a Jeremiya. Ndisanaimbe ndimafuna ndinene kuti dengali tathokoza, ana athu sanyowanso. Koma alendo mukuona khomali, pamene palembedwa dzinapo panali chigawo chathu. Tinapaka tokha, Lachitatu lililonse. Panali chigafa. Panali mwana wanga akusoka fodya anzake akupita kusukulu. Si bodza limene tinajambula. Mwanayo ndi uyo waima apoyo, mufunseni ali Sitandade chiyani."

Anthu anatembenukira kwa Yankho, amene anali ataima pafupi ndi mjigo atagwira ndowa. Mayi wa bungwe uja anatsitsa kamera n'kuyang'ana bwana wa ku Boma. Bwanayo anayang'ana wotchi yake. A Jeremiya anali akumwetulira pang'ono, manja atapinda pamimba, ngati munthu amene akumvera mwana akulakwitsa vesi.

"Njerwa za nyumba ino tinaumba nawo," anapitiriza Lefina. "Potuta mchenga tinali anthu a m'mudzi muno. Pa makuponi ndife alendo. Pakhoma ndife..."

Sanamalize. Ezelina anakweza dzanja kwa mtsogoleri wa kwaya, ndipo ng'oma inalira. A kwaya anaitsitsa nyimbo mwamphamvu, amayi a m'mudzi anailandira, nthungululu zinabuka uku ndi uku. Lefina anayesa kukweza mawu koma ngakhale iye mwini sanadzimve. Anatembenukira kwa anzake a pamzere paja. Feliya anali akuyang'ana kumene kunakhala a Jeremiya, milomo ikuyenda. Mayi woyandikana naye anayamba kuwomba m'manja. Posakhalitsa mzere wonse unali ukuimba ndi kupondaponda, maso ali pansi, misozi ikutsika pa tsaya la Feliya koma nyimbo osaisiya. Inali nyimbo ya kwawo kwa Lefina ku Phalombe, imene iye yemweyo anawaphunzitsa onsewo potuta mchenga kumtsinje.

Lefina anachoka pamzerepo pang'onopang'ono. Palibe anamugwira, palibe anamuitana. Yankho anatula ndowa ija pamjigo n'kumutsatira. Anadutsa m'minda ya fodya yolimidwa kale, mizere yake yofiira itangoti tantha mpaka kumene maso alekezera, ikudikira mvula. Nyimbo ija inawatsatira mtunda wautali.

Sanapite kunyumba. Anakhala pansi pa mtengo wa mango m'mphepete mwa njira ya kudambo, Lefina akuyamwitsa khanda, Yankho akulemba pansi ndi chala. Anamva galimoto za alendo zikuchoka. Dzuwa litapendeka anaona Tsoka akukwera kuchokera kuchitsime, makeni awiri odzadza akumukoka mapewa. Kumwambo kuja iye sanapite. Atawaona anaima, koma makeni sanatule.

"Kapitawo wa bwana wabwera kudambo," anatero.

"Akuti chiyani?"

"Akuti nazale yathu aipereka kwa mwamuna wa Feliya. Nyumba tichokemo lisanafike Lamulungu likubwerali. Akuti bwana alibe nafe chifukwa, koma sangasunge anthu amene sakukondwa."

Lefina anagwedeza mutu. Ankayembekezera kuti mwamunayo akalipa, amukumbutsa za mame ndi za kwa eni. Koma Tsoka anangoima, mikono ikunjenjemera ndi kulemera kwa madzi, akuyang'ana mwana wake wamkazi amene sanafune kumuyang'ana.

"Akuti unanena zonse, pamaso pa alendo," anatero.

"Sindinamalize."

"Alendowo anati chiyani?"

"Anadya mpunga."

Kumadzulo mitambo inali itada, ndipo kamphepo konunkhira mvula kanayamba kugwedeza masamba a mango.

"Ndiye madzi mwasenzawo ndi a chiyani?" anafunsa Lefina.

"Mbande sizinamwe madzulo ano. Zifota."

"Tulani makeniwo, bambo a Yankho. Mukuthirira fodya wa yani?"

Tsoka anayang'ana makeni aja ngati akuwaona koyamba. Anawatula panjira pomwepo, imodzi inapendekeka, madzi n'kuyamba kulowa mumchenga. Sanaidzutse. Anabwera n'kukhala pansi pa mango paja, chapatali pang'ono ndi mkazi wake ndi ana ake, ndipo onse anayang'ana kumene kunkachokera mvula.